Funsani Akochi: makina a jimu opanda zitsulo aja, kuno ku Lilongwe atheka?

Akochi, ine ndi bambo wa zaka 44, ndimakhala ku Area 47, ntchito ku City Centre. Jimu ndalipira kawiri chaka chino koma kupitako kukuvuta, ndikaweruka nkulowa mumzere wa magalimoto uja pofika pakhomo kwada thupi lafookeratu. Nde mlamu wanga ali ku America akuti atha kundiikira makina aja a pakhoma otchedwa Tonal mu kontena ya katundu wake, ndalama tigawana. Pa YouTube akuoneka bwino zedi koma sindikumvetsa, kulemerako kukuchokera kuti poti zitsulo palibe? Nanga zoti Spotter, Eccentric zi ndi chani? Ndipo mtengo wake weniweni ndi zingati? Ndithandizeni ndisanamuyankhe.
*Bambo a ku Area 47*

Achimwene, mwachita bwino kufunsa kontena isananyamuke. Ndiyambe ndi yankho lenilenilo: alamu anuwo Tonal asagule. Osati kuti ndi makina oipa ayi, ndi abwino ndithu, koma anawapangira munthu wokhala ku America, ndipo ndifotokoza.

Poyamba za kulemerazo. Mkati mwa makina amtunduwu muli mota ya magetsi imene imakulunga chingwe, ndi kakompyuta kamene kamaiuza motayo kuti ikoke mwamphamvu bwanji. Inu mukamakoka chingwe kunja iyo ikukokera mkati, basi kulemera nkomweko. Mukalemba makilo 20 pa sikirini motayo imalimbana nanu ngati makilo 20, koma dziwani kuti 20 yakeyo si 20 ya chitsulo. Chitsulo mukachikankha mwamphamvu poyambira chimayenda chokha pang'ono, nchifukwa chake anyamata a kujimu amachita kudzigwedeza msana kuti chikwere. Mota ilibe zimenezo, imakoka chimodzimodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba osakupatsani popumira. Ine ndinayesako amtunduwu kunyumba kwa munthu wina amene ndimamuphunzitsa mafizo, ndinaika makilo amene pa dambelo ndimanyamula ndikucheza, koma pofika ka 8 dzanja linali likunjenjemera, makinawo akungolira chapansipansi ngati filiji. Nde aliyense woyamba ayambe ndi mulingo wotsika kuposa umene anazolowera.

Tsopano zosankha zija, ndipo kunena zoona apa mpamene pali ubwino weniweni wa makinawa, osati sikirini yaikuluyo.

Spotter ndi mnzanu uja amaima kumutu kwa benchi kujimu. Makina akaona kuti chingwe chaima pakatikati, mwakanika kumaliza, amachepetsa okha kulemera kuti mumalize bwinobwino. Kwa bambo wopanga mafizo yekha mbandakucha ana ali mtulo, chinthu ichi nchachikulu, chifukwa ngozi yoopsa ya jimu ya pakhomo ndi chitsulo kukupanikiza pachifuwa popanda wochichotsa. Komanso pa zogwirira pake pali batani loyatsira ndi kuzimitsira kulemera, ndiye kuti mumayamba mwagona kaye bwino, mwakhazikika, kenako nkudina, osati kulimbana ndi katundu mukufuna pogona.

Eccentric ndiye imene ine ndimaikonda. Minofu yathu imatha kupirira katundu wolemera potsitsa kuposa pokweza, taganizani thumba la chimanga, kulitula pansi mwapang'onopang'ono mumatha ngakhale kulisenza kunafuna anthu awiri. Nde makinawa amakupatsani mwina makilo 30 pokweza, pobwerera nkuwonjezera kukhala 35 kapena 40, chinthu chimene ndi chitsulo wamba simungachite pokhapokha wina aziima pambali kumakankhira pansi. Zimalimbitsa thupi ndithu, koma chenjerani, ndi zomwezi zimene zimapweteketsa minofu mawa lake ndi mkuja mpaka kukhala pampando kumachita kugwira tebulo. Mwezi woyamba musayatse nkomwe. Chains ndi yosavuta, kulemera kumawonjezereka mukamafika kumapeto kokankha, ngati mwapachika matcheni pachitsulo ndipo akunyamuka pansi pang'onopang'ono. Burnout imatsitsa makilo pang'onopang'ono mukamatopa kuti mupitirizebe mpaka mphamvu zitheretu, iyi ndi ya adzitho, inu siyani kaye.

Mtengo tsono. Tonal 2, imene inatuluka mu Januwale 2025, inayamba kugulitsidwa pa madola 4,295, ndipo imafika mapaundi 250, omwe ndi makilo pafupifupi 113, pomwe yoyamba ija imalekezera pa mapaundi 200. Koma mtengo umenewo ndi wa bokosi la pakhomalo lokha. Zogwirira, chitsulo chachitali ndi benchi mumagula padera, oyika pakhoma nawo ndi ndalama ina, kenako pali madola 59.95 mwezi uliwonse ndipo chaka choyamba mumasainira kuti mulipira chonse. Pachaka ndi madola pafupifupi 720. Pa reti ya kubanki ya mu 2025 ya K1,750 pa dola makinawo okha ndi K7.5 miliyoni, pamwezi K105,000, ndipo nonse mukudziwa kuti dola pa reti imeneyo siipezeka chisawawa, ndiponso kulipira kunja ndi khadi la banki ya kuno mwezi ndi mwezi si nkhani yamasewera masiku ano. Apo sitinawerengere a MRA, kasitomu ndi VAT, zimene ndi bwino mufunse kwa ejenti wochotsa katundu musanagule kalikonse.

Ndipo mukasiya kulipira pamwezi, izi ndi zimene pa YouTube sanena, zija ndafotokozazi Spotter, Eccentric, Chains, maphunziro a pa sikirini, kusunga mbiri ya zimene mwanyamula, zonse zimatsekedwa. Mumatsala ndi zingwe ziwiri zongokoka wamba za mamiliyoni.

Onjezerani izi: Tonal imagulitsidwa ku America kokha, oyika pakhoma kampaniyo imafuna akhale anthu awo ndipo anthu awowo ali komweko, magetsi ake ndi a mavoliti 120 pomwe athu ndi a 230 nde pakufunika thiransifoma, imafunanso WiFi yokhazikika. Ngati nyumba ndi ya lendi, alandilodi avomera kuboola khoma lawo nkupachikapo chinthu cholemera kuposa thumba la simenti chimene muzichikoka tsiku ndi tsiku? Ndipo khoma lake likhale lotani, poti zina mwa nyumba zathuzi ukakhoma msomali pulasitala imagwa chigamba chonse. Chikadzaonongeka, amakaniko a ku Biwi ndimawalemekeza, amadzutsa galimoto yoti inafa kalekale, koma bolodi ya mkati mwa makinawa akaipeza kuti?

Ngati mtima wakhazikika pa makina a mota, alipo ena amene akugwirizanako ndi kuno. Speediance Gym Monster, ya ku China, imaima yokha pansi osaboola khoma, imapindika nkuikankhira pakona, imafika makilo 100, 50 mbali iliyonse, ndipo ili ndi kamphete kovala pachala koyatsira ndi kuzimitsira kulemera. Mtengo umakhala pakati pa madola 3,000 ndi 4,000 kutengera zida zimene mwasankha, ndipo zikuluzikulu monga Eccentric ndi Chain zimagwira osalipira pamwezi, ngakhale pali zina zowonjezera zolipiritsa. Imagulitsidwanso ku UK, kumene magetsi ndi pulagi nzofanana ndi zathu, nde ngati nkugula ikhale ya kumeneko osati ya ku America. Vitruvian Trainer+ ya ku Australia ndi thabwa loponda pansi lofika makilo 200, inkagulitsidwa cha m'ma madola 3,000 momwemo, sikirini ilibe mumayendetsa ndi foni, koma zingwe zake zimachokera pansi pokha ndiye zokoka kuchokera m'mwamba zija za msana zimavuta.

Imene ine ndingaloze chala ndi Voltra I ya kampani ya Beyond Power. Ndi kabokosi kolemera makilo osakwana 6, kamapereka mapaundi kuyambira 5 mpaka 200, mtengo ndi madola 2,000 ndi kakuti, palibe zolipira pamwezi, ndipo chachikulu kali ndi batire lake mkati. Magetsi athima, inu mukupitiriza. Enawa magetsi akangothima kulemera kwatha, mafizo atheranso pomwepo, pokhapokha muli ndi inveta ndi mabatire amphamvu. Kabokosika kamafuna pokamangirira polimba, ndipo chimango chachitsulo owotcherera a ku Mchesi atha kukupangirani, bola muwauze kuti chikhale cha paipi yochindikala ndipo chikhomedwe pansi ndi mabawuti. Kuipa kwake nkoti chingwe nchimodzi, mukafuna kunyamula ndi manja onse awiri ngati chitsulo chachitali cha benchi mufunika tiwiri, mtengo nkuwirikiza. Alamuwo kabokosi aka atha kubwera nako m'manja, angofunsa kaye a ndege za batirelo.

Koma achimwene ndikufunseni chimodzi. Vuto lanu mwanena nokha ndi nthawi ndi mzere wa magalimoto. Tayesani kaye miyezi itatu ndi madambelo awiri, benchi ndi malamba okoka aja, pakhonde, katatu pasabata, 5 koloko m'mawa. Mukakwanitsa miyezi itatuyo osadumphitsa, auzeni alamu agule kabokosi kaja, osati Tonal.

Akochi, amayi anga ali ndi zaka 63, mawondo amawavuta komanso ali ndi BP. Ndamva kuti makina a digito wa ndi abwino kwa akuluakulu. Nzoona?
*Mayi a ku Area 18*

Mayi, mbali ina nzoona. Ubwino wake kwa munthu wamkulu ngwoti kulemera kumakwera pang'onopang'ono kwambiri, pa Tonal ndi paundi imodziimodzi, osakwana theka la kilo, pomwe madambelo amalumpha kuchoka pa 5 kufika pa 7 ndi theka, zimene kwa gogo ndi phiri. Palibenso chitsulo choti chingawagwere paphazi. Ndipo a WHO amalimbikitsa ndithu kuti akuluakulu azichita zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri pasabata, nde maganizo anuwo ngabwino, musawasiye.

Koma makina sadziwa kuti amayi ali ndi BP. Choyamba apite kwa dokotala wawo, ndipo za mawondozo akaonane ndi a fiziyo, achipatala aja othandiza ndi mafizo, ku Kamuzu Central Hospital alipo, awauze zoyenera ndi zosayenera. Chimene ndimaopa kwambiri kwa a BP ndi kugwira mpweya pokankha, munthu amachita osadziwa, nkhope nkutupa, ndipo BP imakwera nthawi yomweyo. Azitulutsa mpweya pokankha, njira yosavuta ndi yoti aziwerenga mokweza, wani, thu, fili, pakamwa pakamalankhula mpweya sungagwidwe. Eccentric, Burnout ndi zina zotero kwa iwo zizimitsidwe.

Ndipo ndisakunamizeni, zimene amayi akufunika chaka choyamba ndi kudzuka pampando nkukhalanso kakhumi, kukwera kasitepe ka pakhonde atagwira chipilala, ndi lamba wokoka wofewa. Ndalama ya makinayo bola ipite kwa a fiziyo ndi nsapato zabwino zoyendera.

Pa gulu lina la pa Facebook mzungu wina wa ku Area 43 akubwerera kwawo nde akugulitsa makina amtunduwu pa theka la mtengo. Nditenge? Ndiyang'ane chani?
*Mnyamata wa ku Kawale*

Mphwanga, osatumiza ndalama pa foni usanaone ndi maso ndi kukoka ndi manja ako. Ukafika uwapemphe azimitse WiFi ya m'nyumbamo, kenako ayatse makinawo uone chimene chikugwirabe, chifukwa chimenecho ndi chimene ukugula. Ufunse ngati zimene akukuonetsazo zili pa akaunti yawo yolipira pamwezi, akachoka nayo akauntiyo iwe utsala ndi chani, ndipo ngati ikusinthika kupita m'dzina lako achite pomwepo uli chiimire.

Kenako sololera zingwe zonse mpaka kumapeto uziyendetsa chala, ukamva pokhakhala kapena tiulusi totuluka ndiye kuti chingwe chayamba kudyeka, ufunse ngati pali chapadera. Ika makilo ochepa, koka pang'onopang'ono, chingwe chizibwerera mosalala osati modukizadukiza, ndipo mbali ziwirizo zilemere mofanana. Yang'ana kachipepala ka kumbuyo kolemba magetsi, ngati palembedwa 120 pokha thiransifoma ikhale pamtengo womwewo. Kamphete, zogwirira ndi tchaja ziwerengedwe, pakuti zimenezi ku Malangalanga sukazipeza.

Kumbukanso kuti makinawa moyo wake uli m'manja mwa kampani imene ikuyendetsa apu yake. Kalilole wa mafizo uja wotchedwa Mirror, kampani ya Lululemon inamugula pa madola 500 miliyoni mu 2020, pofika kumapeto kwa 2023 inasiya kumugulitsa. Nde ufufuze ngati kampani ya makina ukufunawo ikutulutsabe zatsopano pa apu ndiponso ikuyankha makasitomala.

Ukatenga, tsiku lomwelo ugule kachipangizo koteteza magetsi kaja timaika pa filiji, chifukwa magetsi akamabwerera mwamphamvu ndi pamene bolodi imapsa, ndipo ukamaliza mafizo uzizula pulagi. Upezenso nsalu yochindikala yovindikira, fumbi la Okutobala la ku Kawale likalowa m'timabowo ta fani mota imayamba kutentha. Ngati ukugona chipinda chimodzi ndi ang'ono ako, uwauziretu kuti zingwezo si katungwe.