Satifiketi ya miyezi 6 ingamupange mwana wanga kukhala social worker?

Mayi wina andilembera za mwana wawo wamkazi amene wangomaliza sekondale. Mtsikanayo akufuna ntchito ya social worker, yothandiza ana ozunzidwa, okalamba ndi mabanja amene ali pamavuto. Koleji ina yawauza kuti pa miyezi 6 yokha mwanayo alandira satifiketi, ndipo mabungwe omwe si aboma azidzachita kumulimbirana. Mayiwo akufunsa ngati kuli kofunika kuvutika ndi fizi ya digiri ya zaka 4, poti iwo akuona kuti ntchitoyi imangofuna mtima wachifundo, ndipo mtimawo mwana wawo anabadwa nawo.

Mayi, mtimawo ndi wofunikadi, ndipo popanda iwo mwana wanu sangakhalitse pantchitoyi. Koma taonani zimene azikakumana nazo. Aphunzitsi adandaula kuti mnyamata wa zaka 9 akumabwera kusukulu ndi zipsera kumsana. Mwana wanu wafika pakhomopo. Bambo womupeza mnyamatayo ndiwo akuyankha mafunso onse, mayi ake angoti zyoli, mnyamatayo akuti anagwa mumtengo. Munthu wongodalira chifundo akhoza kupsa mtima n'kukalipa pomwepo, ndipo akangochoka, mnyamatayo amenyedwanso pomuganizira kuti ndiye anaulula. Akhozanso kungovomera nkhani ya mtengoyo poopa kukhumudwitsa akuluakulu. Amene anaiphunzira ntchitoyi amadziwa kupeza mpata wocheza ndi mwanayo payekha osamuikira mawu m'kamwa. Mufayilo amalemba padera zimene waona ndi maso ake, padera zimene wauzidwa, padera zimene iye akuganiza, chifukwa lipotilo likhoza kukafika kukhoti, loya wa mbali inayo n'kumalisanthula mzere ndi mzere. Amadziwanso nthawi imene lamulo likumukakamiza kudziwitsa apolisi ndi achipatala ngakhale banjalo likukana. Luso lotereli munthu amachita kuliphunzira, ndipo mbali yake yaikulu imaphunziridwa kunja kwa kalasi.

Ndiye pofufuza koleji iliyonse, musayambe ndi kukongola kwa pepala lake lotsatsira malonda. Funsani za atachimenti, nthawi imene wophunzira amakaphunzira ntchito pamalo enieni a ntchito. Ku America, bungwe la CSWE, limene limavomereza masukulu a social work, limafuna kuti wophunzira digiri yoyamba akhale maola osachepera 400 ali pamalo enieni a ntchito, ndipo wa digiri yachiwiri maola 900. Ku England amafuna masiku 200 ophunzira ntchito, ndipo ochuluka mwa masikuwo wophunzira amakhala ali ndi anthu enieni a mavuto enieni. Maphunziro a miyezi 6 sangakwanitse zimenezi ngakhale aphunzitsi ake atakhala akhama bwanji.

Ndiponso atachimenti si kungotumizidwa kuofesi ina kukasanja mafayilo. Payenera kukhala social worker woyenerezedwa amene amakhala pansi ndi wophunzirayo kawirikawiri, kuwerenga zimene walemba, ndi kumufunsa kuti, “Unaganiza choncho chifukwa chiyani? Mwanayo unamuona yekha?” Nkhani ya kuyang'anirayi ndimaitenga ngati yaikulu kuposa zina zonse. Mu 2000 ku London kunamwalira mtsikana wa zaka 8, Victoria Climbié, atazunzidwa kwa miyezi yambiri ndi anthu amene ankamusunga. Ankadziwika kumaofesi osamalira anthu, kupolisi ndi kuzipatala. Kafukufuku amene anatsogolera Lord Laming, yemwe lipoti lake linatuluka mu 2003, anasonyeza kuti wantchito amene ankatsata nkhani yake anali asanakhwime pantchito, anali ndi nkhani zambiri m'manja, ndipo akuluakulu ake sankamuyang'anira mokwanira. Ngati zinatero kwa munthu amene anaphunzira ntchitoyi, nanga kwa amene wapatsidwa nkhani yotere atangophunzira miyezi 6?

Funso lachiwiri ndi la kaundula. M'mayiko ena dzina loti social worker ndi lotetezedwa ndi lamulo. Ku Britain, kuyambira mu 2005, kudzitchula choncho usanalembetsedwe ndi mlandu. Ku South Africa, khonsolo ya SACSSP imalembetsa ma social worker, amene amaphunzira digiri ya zaka 4, ndipo imalembetsanso padera gulu la othandizira lotchedwa social auxiliary workers, limene limagwira ntchito pansi pa social worker. Mayiko ena khonsolo yotere sanaikhazikitsebe, ndipo kumeneko ndiye makoleji ogulitsa mapepala amanenepera. Pitani nokha kubungwe limene limavomereza masukulu aukachenjede m'dziko lanu, mukafunse ngati kolejiyo ndi maphunziro amenewo, onse awiri, ndi ovomerezeka. Koleji ikhoza kukhala yovomerezeka koma kosi imene akukugulitsaniyo ayi. Werenganinso zidziwitso za ntchito zimene boma ndi mabungwe atulutsa posachedwapa, muone pepala limene akufuna. Safunsa anadya phula.

Apa ndisamveke ngati ndikunyoza satifiketi. Ntchito yochuluka yoteteza ana, kuyendera odwala ndi okalamba m'makomo, ndi kulondoloza mabanja kumene angapeze thandizo imagwiridwa ndi anthu opanda digiri. Bungwe la Global Social Service Workforce Alliance, limene linakhazikitsidwa mu 2013, limawawerenga othandizira otere ngati mbali ya gulu lonse la antchito osamalira anthu, ndipo limalimbikitsa kuti aziphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa bwino. Vuto ndi kumuuza mwana kuti satifiketi ndi digiri n'chimodzimodzi. Ndi satifiketi adzakhala wothandizira, malipiro ake adzakhala otsika, ndipo maudindo okhala ndi mphamvu ya lamulo, monga kupereka lipoti kukhoti pankhani yochotsa mwana pabanja, kawirikawiri amasungira anthu a maphunziro apamwamba. Ngati fizi ya zaka 4 simungaikwanitse panopa, njira yoyambira pansi ilipo, bola mutsimikizire chinthu chimodzi: kuti satifiketiyo imalandiridwa polowera dipuloma, ndipo dipulomayo polowera digiri. Musamve zimenezi kwa amene akukugulitsani satifiketiyo. Kafunseni kuyunivesite imene mwanayo akufuna kudzamalizirako, ndipo ngati n'kotheka akuyankheni polemba.

Za lonjezo la ntchito m'mabungwe lija, chenjerani nalo. Ntchito zambiri za m'mabungwe ndi za kontirakiti, ndipo zimatha pulojekiti ikatha. Maboma nawo ali ndi chizolowezi chimene chimandiwawa: amalankhula zambiri za kuphunzitsa antchito atsopano, koma saika ndalama zolembera ntchito ophunzirawo, ngakhalenso zosungira akadaulo oti aziwayang'anira. Zotsatira zake, ophunzira amakhala pakhomo pamene wantchito mmodzi akusenza nkhani za anthu ochuluka mpaka kutopa n'kusiya. Mwana wanu alowe akudziwa kuti ntchitoyi si yolemeretsa.

Ndipo iwe mwanawe, usanalipire kalikonse, kadzipereke kwa miyezi ingapo pamalo osamalira ana, okalamba kapena anthu aulumali. Ukaone ngati ungathe kusunga chinsinsi cha munthu ngakhale kwa mayi ako, ndiponso ngati ungathe kumvetsera munthu amene wachita zinthu zokunyansa. Ukadzamaliza maphunziro n'kuitanidwa kuintavyu, nawenso udzafunse kuti adzakuyang'anira ndani, kangati pamwezi, ndipo udzayamba ndi nkhani zingati. Ku England, kuyambira mu 2012, ali ndi dongosolo lotchedwa ASYE, limene limapatsa social worker watsopano nkhani zochepa ndi womuyang'anira pafupipafupi m'chaka chake choyamba. Kumene dongosolo lotere kulibe, uyenera kupempha wekha zimenezi usanasaine kontirakiti.