Mabuleki akumbuyo akafooka, yambani mwaona vavu ya pamwamba pa difu

Wowerenga wina wa ku Nkhotakota watilembera kuti Hilux yake yakale, yomwe amanyamulira mpunga kupita nawo ku Salima, ikuima ndi matayala akutsogolo okha. Mashuzi a buleki wasintha, kubulida (kuchotsa mpweya m'mapaipi a buleki) wabulida kawiri, koma akamasula nipo zobulidira zakumbuyo mafuta a buleki akungodontha m'malo motuluka mwamphamvu. Akutinso posachedwa anawonjezera masipuling'i kuti izisenza matumba ambiri. Ndiye akufunsa: agule master cylinder (pampu yokankha mafuta a buleki mukaponda pedulo) yatsopano?

Dikirani kaye achimwene, ndalamayo isatuluke msanga. Ife tikukayikira masipuling'i munawonjezerawo.

Loŵani pansi muone pa tchesisi, pamwamba pa difu. Pali vavu yotchedwa LSPV, yogaŵa mphamvu ya buleki molingana ndi katundu, yokhala ndi kachitsulo kakatali kolumikiza ku difu. Galimoto ikalemedwa n'kutsika, kachitsuloko kamakankha vavu kuti mphamvu yambiri ipite kumbuyo. Ikakhala yopanda katundu, vavu imachepetsa mphamvuyo kuti matayala asakhwekhwereze. Tsono mutakweza bodi ndi masipuling'i, vavu ikuyesa galimoto ilibe kanthu ngakhale mwapakira mpunga wodzaza. Kwezani buraketi yogwira kachitsuloko pa difu ndi muyeso womwe bodi yakwera nawo: ngati yakwera masentimita 4, buraketinso ikwere 4.

N'chimodzimodzi pobulida. Mukaika jeke pa tchesisi difu n'kumalendewera, mafuta satuluka bwino. Matayala akhale pansi, kapena jeke igwire difu. Yambani ndi tayala lakutali ndi master cylinder, mutsirize ndi nipo ya pa vavu yeniyeniyo. Amakaniko ambiri amaiwala nipo imeneyi, mpweya n'kutsalira momwemo. Gwiritsani ntchito mafuta a buleki a DOT 3, ndipo kabotolo ka mafutawo kasaphwe mukupopa.

Zikapanda kusintha, mnzanu aponde pedulo inu mumasule pang'ono paipi yochokera ku master cylinder pomwe ikuloŵa mu vavu, kenako yotuluka. Mafuta akamaloŵa mwamphamvu koma kutuluka mofooka, pisitoni yam'kati yagwira dzimbiri. Matope ndi mchenga wa kunyanja kuno sizichedwa kuipha. Vavuyo isintheni. Ena amangoichotsa n'kulumikiza paipi mwachindunji, koma tsiku la mvula mukubwerera opanda katundu pa msewu wa M5, kumbuyo kudzakutembenukirani.

Vavu ikakhala bwino, yesani paipi yalabala yotsikira ku difu. Ikakalamba imatupa m'kati n'kutseka njira, kunja ikuoneka yabwinobwino. Vundukulaninso malabala a wheel cylinder, kasilinda kokankha mashuzi m'dilamu; kukanyowa, ndiye kuti ikudontha. Pedulo ikamakwera mukapopa kaŵiri katatu, mwina mashuzi atalikira dilamu, asendezeni mpaka azikhudza pang'ono.

Master cylinder muigule pokhapokha mafuta akufika ofooka kale poloŵera mu vavu koma paipi yachitsulo sinaphwanyike pena, kapena pedulo ikumira pang'onopang'ono mutaipondereza, chonsecho palibe pomwe pakudontha.