Yankho langa kwa bambo a Chisomo pa nkhani ya agogo

Moni nonse a pagulu pano. Ndine mayi aang'ono, kuno ku Dwangwa. Ndajambula mawu chifukwa kulemba kumandipweteka maso, komanso nkhani iyi siyoyankha ndi zala. Amene bandulo yawachepera andikhululukire, nditalikitsako pang'ono.

Bambo a Chisomo, funso lanu ndalimva usiku wathawu. Mwafunsa kuti agogo akudandauliranji kuti mwawataya, chikhalirecho mwezi ndi mwezi simuphonya kutumiza ndalama. Mwanenanso kuti moyo wa masiku ano ndi wothamanga, munthu sangakhale pakhonde tsiku lonse kumacheza ngati kale, ndiye chikondi chake n'chomwecho cha pa Airtel Money. Ndaona kuti ena mwaika tizala tovomereza.

Poyamba ndinene kuti ndalamazo musasiye, ndipo Mulungu akubwezereni pomwe mukuchotsapo. Ndikudziwa kuti ku Lilongwe simukutola pansi. Lendi, fizi ya ana, thiransipoti, zonsezo zili pa inu. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense akulira. Sopo amene agogo akusambira, shuga wa m'phala, mankhwala a BP akasowa kuchipatala, zonsezo ndi thukuta lanu. Amene anganene kuti simuwakonda agogo wanama.

Koma ndikufuna ndikuuzeni mmene ndalama yanu imafikira kumudzi kuja kwa Chia, chifukwa inu mumangoona kuti yapita. Kafoni ka agogo, kamabatani kaja, amakamanga pansonga ya chitenje. Kakalira amakamasula, n'kumayang'ana, koma maso aja anasiya kale kuona timalemba. Ndiye amakhala nako m'manja mpaka Halima, mwana wa khomo loyandikana nawo, aweruke kusukulu kuti awawerengere. Mwanayo amawerenga dzina lanu ndi kuchuluka kwa ndalama. Akamaliza, agogo amafunsa kuti, "Nanga wanena kuti ali bwanji? Ana adzuka?" Halima amati, "Palibe, agogo, athera pomwepo." Zimenezi ndinaziona ndi maso anga pomwe ndinapitako mwezi watha. Anangoti "chabwino", n'kumanganso kafoni kaja pachitenje. Akamati mwawataya, akunena zimenezo, mwana wanga. Sakunena za ndalama ayi.

Ndipotu ndalamayo siyenda yokha kuchoka m'foni kukalowa m'mphika. Pali wina amene amakwera kabaza kupita kwa ajenti kukatapa, n'kudutsa kumsika kukagula mchere ndi usipa, n'kubweza chenji chonse osachotsapo ngakhale ya mandasi. Munthu ameneyo ndi amayi a Halima. Si m'bale wathu, ngakhale mutafufuza mpaka kwa makolo. Iwo ndi Asilamu, agogo ndi a Anglican, mukudziwa mmene timakhalira kuno ku Nkhotakota, mzikiti apa tchalitchi apo. M'mawa uliwonse asanapite kudimba amasuzumira kaye pakhomo paja kuti aone ngati chitseko chatsekulidwa. Amatunga ndowa ziwiri kumjigo, imodzi yawo, ina ya agogo. M'mwezi wa Ramadan, iwo ali pa swaumu, milomo youma, amawaphikirabe agogo phala masana. Chinangwa agogo sangathenso kuchivuula pomwe achiviika, msana unakana, ndiye amavuula ndi mayi yemweyo, kuyanika, kusinja, kuti kondowole asasowe pakhomo. Palibe amene anawalemba ntchito. Timakonda kunena kuti kupatsa n'kuikiza, koma ndikawayang'ana mayi amenewa sindiona chimene akuikiza kwa nkhalamba yoti ilibe n'mbuzi yomwe. Amangochita chifukwa mtima sungawalole kudya pomwe khomo loyandikana nalo silikufuka utsi.

Tsono mukamati chikondi cha masiku ano ndi ndalama, ine ndikuti ndalama yanu ikugwira ntchito chifukwa pali wina amene akupereka miyendo ndi nthawi yake ulele. Atatopa mayi ameneyu mawa, kaya asamuke, mudzatumiza ndalama kawiri kuposa pano koma agogo adzagona ndi ludzu.

Ndikukumbutseninso zakale, osati pofuna kukuchititsani manyazi pagulu, koma chifukwa achichepere ali panowa sazidziwa. Achemwali anga, mayi anu, anatisiya mu 2001. Nthawi imeneyo matenda aja ankangotha anthu, ma ARV aulere m'zipatala za boma anadzayamba mu 2004, iwo atapita kale. M'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja muno munatsala agogo ndi adzukulu. Agogo anu anakutengani nonse, opanda penshoni, opanda Mtukula Pakhomo, chifukwa kunalibe. Ankadzuka kukali mdima kupita kudoko, kuthandiza kukoka ngalawa kuti asodzi awaponyereko tinsomba ta ndiwo. Inu bambo a Chisomo mutadwala malungo okomoka nawo, anakuberekani kumsana, mwana wamkulu kale miyendo ikukhudza m'mawondo mwawo, mpaka kumsewu wa tala kuti apeze galimoto yopita kuboma. Tsiku limenelo analibe ndi tambala yomwe, kondakitala anangowamvera chisoni. Munakula ndi zimenezo. Ndiye munthu amene anakulerani ndi msana wake, n'zovuta kuti amvetse kuti mdzukulu angathe kumukonda osamva mawu ake miyezi ingapo.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa pagulu lathu lino, ndipo ndichinena poti ndayamba kale. Kukagwa maliro timathamanga modabwitsa. Ola limodzi lisanathe mndandanda wa zopereka watuluka, wina bokosi, wina ufa wa adzukulu okumba manda, wina galimoto, wina maluwa. Tchuthi kuntchito chimapezeka, thiransipoti imapezeka, msewu wa M5 umene timati ndi woipa uja timaudutsa usiku. N'zabwino, maliro ndi kulirana. Koma munthu yemweyo ali chigonere kuchipatala, tikafunsa kuti ndani akakhale gadiyani, gulu lonse limangoti zii, tizizindikiro tosonyeza kuti mwawerenga tokhatokha. Amene anagonapo pansi pa bedi m'wodi, kapena kuphika pamafuwa kukhitchini ya magadiyani utsi uli m'maso, amadziwa kuti wodwala amachira msanga akaona nkhope ya kwawo. Ine sindifuna kuti tsiku limene mudzabwere nonse pamodzi kwa Chia likhale loti agogo sakukuonani.

Ndipo musaganize kuti kuyendera nkhalamba ndi nkhani yongosangalatsa mtima wake basi. Ndi chitetezo. Mumamva pawailesi za agogo amene akumenyedwa, ena kuphedwa kumene, powanamizira ufiti. Lamulo lilipo, lakalekale la 1911, loletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma gulu likakwiya silifunsa za lamulo. Taonani bwino amene amalozedwa chala: ndi nkhalamba yokhala yokha, yoyankhula yokha, yoti pakhomo pake sipaima njinga kapena galimoto chaka chonse. Pakhomo pamene adzukulu amafikapo, anthu amaopa, amadziwa kuti uyu ali ndi eni ake.

Zoti anthu a masiku ano alibe chifundo, ine ndimakana. Madzi atasefukira kuno ku Dwangwa chakumapeto kwa Febuluwale 2024, thandizo la boma ndi mabungwe lisanafike, amene anayamba kupulumutsa anthu anali anzawo omwe. Anyamata amene timawanena kuti ndi osamva aja ndi amene ankalowa m'madzi kunyamula ana ndi okalamba. Anthu amene nyumba zawo zinatsala analandira mabanja osawadziwa, mphasa imodzi kugonapo anthu ambirimbiri. Ndipo foni zomwezi zinathandiza, anthu ankaimbirana kuti kwakutikwakuti kuli anthu ali mumtengo. Ndiye foni si mdani. Mtima ulipo, kungoti timaudikiritsa mpaka pagwe tsoka looneka. Kusungulumwa kwa nkhalamba sikuchita phokoso ngati madzi, ndiye palibe amene amakuthamangira.

Pa zimene munanena zoti anthu ena amadyera masuku pamutu munthu wachifundo, pamenepo ndikuvomerezani. Alipo a m'banja momwe muno amene amaimba pa 25 pokha. Alipo akuba a pafoni onamizira kuti atumiza ndalama molakwitsa. Kukana nthawi zina si nkhanza, ndipo musalowe katapila chifukwa choopa kunenedwa. Koma agogo sali m'gulu limenelo. Chiyambire sanakuimbirenipo kupempha kanthu. Akafulasha amafuna mawu anu basi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Lamulungu masana akabwera kutchalitchi, foni imakhala ili ndi moto chifukwa Halima amakaitchajitsa Loweruka. Imbani nthawi imeneyo. Musafunse kuti ndalama yafika, afunseni za mwendo, za mvula, za amene wamwalira ndi amene wabadwa m'mudzi, ndipo akayamba kubwereza nkhani imene ananena kale, asiyeni amalize. Mum'patse foni Chisomo, ngakhale Chichewa chake chili chosakaniza ndi Chingerezi, agogo akamva mawu ake adzauza mudzi wonse sabata yathunthu. Mukamaliza, pemphani kuti muyankhule ndi amayi a Halima, muwathokoze ndi pakamwa panu. Ndikudziwa kuti wina anena kuti tiziwatumizira kenakake. Kachitenje pa Eid sikangalakwike, koma musakutche malipiro, angakhumudwe.

Sukulu zikatsekera mu Disembala, bwerani ndi ana ngakhale masiku awiri. Mukatsikire pa mlatho wa Chia, mugule chambo pomwepo, mai a Chisomo akaphike agogo akuona. Ine ndidzatsika kuchokera kuno tidzakumane komweko. Za malo ogona musadere nkhawa, kanyumba kakuseri kaja tinakafolera.

Enanu amene mwangokhala chete, achimwene aku Joni ndi inu a ku Mzuzu, mawuwa ndi anunso. Tigawane masabata, aliyense atchule Lamulungu lake pompano pagulu, ine ndilemba m'kope. Bambo a Chisomo, inu muyambe Lamulungu likubwerali.