Za ulendo wa pa mtsinje wa Orange ndi ana

Achemwali, uthenga wanu uja ndauona, koma kulemba kundichedwetsa, ndingolankhula basi. Mukufunsa ngati ana angapite nawo pa ulendo wa makayaki (timabwato topalasa ndi nkhafi) pa mtsinje wa Orange, komanso ngati alamu angakwanitse poti nkhafi sanaigwirepo chibadwire. Ine ndikuti pitani nonse. Madzi asakuopseni, choti mukonzekere kwambiri ndi dzuwa.

Maulendo ambiri amayambira ku Noordoewer, mukangowoloka malire pa Vioolsdrif kuchoka ku South Africa kulowa Namibia. Ndiye mapasipoti musaiwale, ana muwatengerenso makalata obadwira. Mukayamba kutsetsereka, Namibia imakhala kudzanja lamanja, South Africa kumanzere, mbali ya Richtersveld. Kumeneko ndi mapiri a miyala yokhayokha, mvula imagwa mwa apo ndi apo, koma mtsinje uli ndi madzi chaka chonse. Madziwo amachokera kutali, ku mapiri a Lesotho komwe amautchula kuti Senqu, ndipo kuti akafike kunyanja ya Atlantic ayenda makilomita oposa 2,000. Kumtundako kuli madamu a Gariep ndi Vanderkloof, akatsegulira madzi ambiri mtsinje umasintha, choncho musanalipire muwafunse operekeza alendo pamtsinjepo kuti madzi ali bwanji.

Ng'ona kulibe, mvuu kulibe, mwamva? Ndikudziwa kuti pamtima panu pali zimenezo. Ana amasambira mpaka kutopa. Kungoti jekete yoyandamitsa ija asavule ali pamadzi, ngakhale alire kuti ikutentha. Bwato limakhala la anthu awiri, wamkulu kumbuyo chifukwa ndiye amawongolera, mwana kutsogolo. Alamu adzazungulirazungulira m'mawa woyamba, tonse timatero, pofika masana dzanja lazolowera. Malo ambiri madzi ndi odekha moti mutha kusiya nkhafi mtsinje uzikutengani wokha. Pali malo ochepa othamanga pamiyala, otchuka ndi a Sjambok. Pamenepo operekeza amayamba akufotokozerani podutsa. Bwato likagubuduka, auzeni ana agone chagada miyendo ilozere komwe madzi akupita, asayese kuimirira, chifukwa phazi limatha kukanirira pakati pa miyala.

Tsono dzuwa lija. Disembala mpaka Febuluwale kumatentha kuposa madigiri 40, ine ndi ana sindingapite nthawi imeneyo ayi. Sankhani Epulo, Meyi kapena Seputembala. Juni ndi Julayi masana kumakhala bwino, koma usiku kumazizira koopsa. Munthu ukakhala m'bwato tsiku lonse, pomwe umapsa ndi pantchafu ndi pamwamba pa mapazi, malo omwe sitiganizirako podzola mafuta oteteza ku dzuwa. Tengani zipewa zazikulu zomanga pachibwano, malaya a manja aatali, ndi nsalu yopepuka yoti muziviika m'madzi n'kufunda miyendo. Ana muziwamwetsa madzi asananene kuti ali ndi ludzu, akamasewera saganiza zomwa. Komanso masana mphepo imakonda kuwomba kuchokera kutsogolo, mumapalasa koma bwato ngati silikusuntha. Ndi chifukwa chake amakudzutsani m'mamawa, musawadandaule.

Usiku mumagona pamchenga m'mbali mwa mtsinje, ambiri tenti saimanga n'komwe, amangoyala n'kumaonera nyenyezi. M'mawa nsapato muzizikutumula musanavale, zinkhanira ziliko. Netiweki iwalaniko, chimbudzi ndi patchire ndi kafosholo. Izi mumuuziretu mwana wanu wamkuluyo asakakwiyire kumtsinje, ndimamudziwa ndi foni yake.

Zoona n'zambiri. Nkhwazi zimalira pamwamba, anyani amakhala pamiyala kukuyang'anani, nthawi zina mumaona anthu a mtundu wa Nama ali ndi mbuzi zawo. Moyo wawo woweta mosamukasamukawo ndi umene unachititsa kuti nthambi ya United Nations yotchedwa UNESCO iike dera la Richtersveld pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2007. Mukafika cha ku Aussenkehr mudzadabwa, minda ya mphesa yobiriwira pakati pa chipululu, yonse yothirira ndi madzi a mtsinje womwewo.

Chimodzi chokha, kamwana kanu kakang'onoko. Operekeza amasiyana pa msinkhu umene amalola, ndiye muwauze zaka zake zenizeni komanso kuti amasambira bwanji, musawonjezere. Mukasankha mwezi mundiuze, zikwama zosalowa madzi ndikubwerekani. Moni kwa alamu.