Crown yanga yabenthuka: kodi zikanadziwikiratu?

Funso: A Dokotala, chaka chatha anandiika crown (chovindikira dzino chochita kupanga) yoyera pa dzino lakumbuyo. Ndikudya chimanga chokazinga, kachidutswa kapamwamba kanabenthuka. Kodi zimenezi sakanaziwoneratu? Wowerenga wa ku Kapata, Chipata.

Yankho: Mbali yaikulu akanaiwoneratu, chifukwa chimangacho chimangomaliza ntchito yomwe inayamba kale. Crown yotere nthawi zambiri imakhala ndi zigawo ziwiri. M'kati muli zirconia, chinthu choyera changati mwala, yolimba pafupifupi 1,000 MPa (MPa ndi muyeso wa kulimba). Pamwamba amamatapo porcelain, yangati galasi loyera, kuti iwoneke ngati dzino lenileni, koma iyi imangofika cha m'ma 100 MPa. Mng'alu umakonda kuyambira mu porcelain, nkutsata malire a ziwirizi.

Zambiri zimalakwika mu uvuni. Porcelain amaiwotcha pa kutentha koposa 700°C, ndipo pozizira zigawo ziwirizi sizifota mofanana. Zirconia imachedwa kutaya kutentha. Wopanga mano akafulumira kutsegula uvuni, kunja kumauma m'kati mukadali kufota, ndiye crown imatuluka yokongola koma ikukokana yokha m'kati. Nchifukwa chake pa kuwotcha komaliza amaizizitsa pang'onopang'ono.

China nkukhuthala. Porcelain isapose 2 mm, ndipo zirconia iumbidwe motsata dzino kuti ichirikize nsonga zotafunira. Ikakhala ngati kachipewa kosalala, nsongazo zimangolenjekeka popanda chozigwira. Akatswiri amajambula crown pa kompyuta, nkuika mphamvu ya kuluma, kuti aone pamene yaunjikana.

Kuchipatala dokotala amakulumitsani kapepala kabuluu kuti aone pamene mano akugundana kwambiri, amawalitsa crown ndi tochi kufufuza ming'alu, komanso amafunsa ngati mumakukuta mano m'tulo (afunseni akunyumba, inu simungadzimve). Akapala crown osaisalaza bwino, timizere totsalato ndiye magwero a mng'alu.

Kobenthuka kakakhala kakang'ono, kusalaza nkokwanira. Kakakula, amakhakhalitsa porcelain ndi asidi wotchedwa hydrofluoric acid, kupaka silane (mankhwala othandiza kumata), nkumata composite (phala loyera lotsekera mano). Koma zirconia ikaonekera, asidiyo sagwira: amaipopera timchenga ting'onoting'ono ta alumina nkupaka mankhwala othandiza kumata otchedwa MDP. Chigamba chotere sichilimba ngati poyamba.

Ngati mumakukuta mano, kwa ife dzino lakumbuyo likuyenera crown ya zirconia yokhayokha yopanda porcelain, pamodzi ndi chotchinga mano chovala usiku. Kukongola kumachepako pang'ono, koma kumbuyoko ndani akuonako?