Kodi za kupewa matenda ndi ntchito yeniyeni kapena kungoyenda ndi maposta?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina yemwe ndi namwino. Akuti agwira mu wodi zaka zingapo ndipo atopa kuona anthu omwewo akubweranso ndi matenda omwewo, ndiye akufuna akaphunzire public health, za kupewa matenda pakati pa anthu, koma anzawo akuwaseka ati kumeneko ndi kongoyenda ndi maposta basi. Funso lawo: amaphunzira chani kwenikweni, nanga ndi ntchito yeniyeni?

Achemwali, anzanuwo sindiwadzudzula kwambiri ayi, chifukwa ntchitoyi ikayenda bwino sioneka. Mwana amene sanadwale chikuku sabwera kudzathokoza. Koma zoti ndi maposta okha, izo nde ndakana.

Mu 1854 kolera anabuka ku Soho mu London, anthu opitirira 600 anamwalira. Dokotala wina, John Snow, anayamba kuyenda khomo ndi khomo kulemba paliponse pamene pachitika maliro n'kuika pa mapu, ndipo anaona kuti maliro aunjikana mozungulira mjigo umodzi wa pa Broad Street. Panali mayi wina wamasiye amene amakhala kutali ku Hampstead koma naye anafa, kufufuza kwake n'kupeza kuti amachita kumubweretsera madzi a pa mjigo womwewo poti amawakonda kukoma kwake. Akuluakulu a deralo anazula chogwirira cha mjigowo. Kunena zoona mliri unali utayamba kale kuchepa, koma kachitidwe kake ndi komwe mukaphunzire inuyo: kuwerenga kaye, kupeza gwero, kenako kusintha chinthu chimene chikudwalitsa anthucho. Phunziro limeneli dzina lake ndi epidemiology, ndipo limayenda ndi mnzake biostatistics, masamu tu, amene ambiri amafuna kuwathawa koma palibe kothawira. Pamwamba pake pali za madzi ndi ukhondo, kapangidwe ka pulogalamu ndi bajeti yake. Masters yake nthawi zambiri ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, palinso maphunziro a zaka ziwiri ofufuza miliri muli pa ntchito, amene anatengera pulogalamu ya CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, yomwe inayamba mu 1951.

Tsono tengani katemera, amene anthu amaona ngati ndi kungobaya jakisoni. Akatemera ambiri amafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 ulendo onse, kuchokera ku fakitale mpaka pa mkono wa mwana. Pa kabotolo pamakhala kachizindikiro, bwalo lokhala ndi kabokosi koyera pakati, kabokosiko kakada kufanana ndi bwalolo ndiye kuti katemerayo watenthedwa, ngotaya. Winanso amaonongeka akaundana, ndiye firiji yozizira mopitirira nayo ndi mdani. Ndipo chikuku kuti chisafalikire pamafunika pafupifupi ana 95 pa 100 alionse alandire, ndiye munthu wina ayenera kudziwa kuti otsalawo ali kuti, ndipo bwanji sakubwera, kaya ndi mtunda kaya mphekesera. Nthomba inalengezedwa mu 1980 kuti yatha padziko lonse chifukwa cha anthu ochita ntchito yotopetsa ngati imeneyi.

Za maposta zija. Ine ndimakwiya ndikaona pulogalamu imene ntchito yake yonse ndi kuuza anthu kuti fodya ndi woipa, ngati kuti osutawo sadziwa. Msonkhano wa WHO, bungwe la za umoyo padziko lonse, wa ku Ottawa ku Canada mu 1986 unanena poyera kuti kulimbikitsa umoyo kumakhudzanso malamulo ndi malo amene anthu akukhala, osati uthenga wokha. N'chifukwa chake pangano la mayiko lolimbana ndi fodya la mu 2003 limakamba za misonkho, kuletsa kutsatsa ndi kuletsa kusuta pagulu. Geoffrey Rose, katswiri wa epidemiology wa ku Britain, anaonetsanso chinthu chimene poyamba chimavuta kumvetsa, kuti anthu ambiri ogwa sitiroko si aja BP yawo ili pamwamba zedi, koma aja yangokwera pang'ono, poti iwowo ndi ochuluka kwambiri. Ndiye kuchepetsa mchere pang'ono kwa anthu onse kumapulumutsa ambiri, olo palibe ndi mmodzi yemwe angadziwe kuti wapulumuka ndi iyeyo.

Chomwe mukachisowe ndi chija chakuti wodwala wachira m'manja mwanu n'kukugwirani chanza, mudziwiretu. Mitingi ndi malipoti nazo ndi zambiri.

Musanalembetse, afunseni a pasukulupo ngati ophunzira amapitadi kumadera kukafufuza kapena zonse zimathera mkalasi. Ndipo pakadali pano, pemphani chilolezo mutenge rejista ya mu wodi yanuyo, miyezi 6 yapitayi, muwerenge kuti matenda amene akubwerezabwereza ndi ati, odwalawo ndi a misinkhu yanji, akuchokera mbali iti, amachuluka mwezi uti. Mukamaliza mundilembere mwapeza chani, maina a odwala osaikapo.