Mwana wanu sanapenge, Amayi a ku Chawama

Amayi ena a ku Chawama andilembera imelo. Mtsikana wawo wamaliza Grade 12 ndipo akufuna kudzaphunzira za makompyuta a quantum. Afunsa kuti: "Kodi zimenezi angadye nazo?"

Amayi, mwandigunda pachilonda. Funso lomwelo anandifunsa bambo anga nditasankha physics ku yunivesite ya UNZA. Iwo ankafuna akauntanti pakhomo. Chaka chathunthu sanandifunseko za sukulu, ankangoti, "Wadya?" Ndinkakwera minibasi ya pa Great East Road ndili zyoli ngati ndaba nkhuku ya eni.

Nkhani yake ili chonchi. Kompyuta wamba imawerengera ndi ma bit: 0 kapena 1, basi. Ya quantum ili ndi ma qubit, omwe amakhala osakaniza 0 ndi 1 mpaka utawayeza. Ukangoyeza, umapeza chimodzi chokha. Ena amati makinawa amayesa mayankho onse nthawi imodzi, ndipo mawu amenewo amandinyansa. Luso lagona pokonza kuti mayankho olakwika azimitsane ngati mafunde akawombana, lolondola litsale. Mu 1994 katswiri wa masamu Peter Shor anasonyeza kuti njira yotere ingathyole masamu omwe amatchinjiriza chinsinsi pa intaneti ndi m'mabanki.

Koma qubit ndi yosachedwa kuwonongeka, dzira lili bwino. Kakutentha pang'ono kapena kakugwedezeka, yaiwala zonse sekondi isanakwane. N'chifukwa chake Google ndi IBM amaziziritsa makina awo kufika pafupi ndi -273°C. Ndikamva zimenezi ndimaseka ndekha, poti mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazimazima, firiji yanga inalephera kusunga ngakhale nkhuku ziwiri. Tinadya nyemba mpaka ana anayamba kuzemba mbale.

Ndiye pamafunika ma qubit ambirimbiri olonderana zolakwa kuti papezeke imodzi yodalirika. Chipu ya Google ya 2024, Willow, ili ndi 105 okha, pomwe kuthyola banki kungafune zikwi mazanamazana. Aliyense wokuuzani kuti mawa makinawa akuberani ndalama za pafoni akungokuopsezani.

Nanga mwana wanu achite chiyani?

Alimbikire masamu, makamaka linear algebra, aphunzire Python (chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta), ayesere Qiskit ya IBM yolembera mapulogalamu a quantum, yomwe ndi yaulere. Quantum ikachedwa, zimenezi zimupezera ntchito ndithu.

Bambo anga mpaka pano amauza anzawo kutchalitchi kuti ndimakonza mawailesi.